Pambuyo pa mimba ya mola, magazi ndiwo anene kuti mwachira

Amayi ndi abambo amene mukuphunzira kuwerenga ndi kulemba, lero tikupemphani kuti muphunzire zilembo zitatu: h, C, G. Mukaziika pamodzi zimakhala hCG. Zilembo zimenezi zimalembedwa pa pepala la ku chipatala, ndipo pambali pake pamakhala nambala. Kwa mayi amene anali ndi mimba ya mola, nambala imeneyo ndiyo imanena ngati wachira kapena ngati khansa yayamba. Nkhaniyi ikukhudza mayiyo, mwamuna wake, apongozi, ankhoswe, ndiponso akuluakulu a zaumoyo m'boma lathu la Angónia.

Kodi mimba ya mola n'chiyani?

Mimba imayamba dzira la mayi likakumana ndi mbewu ya bambo. Dzira limabwera ndi timitolo 23 ta malangizo a chibadwa. Mbewu ya bambo nayonso imabwera ndi timitolo 23. Tonse pamodzi timakwana 46. Pa Chipwitikizi timitoloti amati cromossomas. Ndi timene timalamula mmene mwana apangikire, ndiponso mmene nsengwa ikulire. Nsengwa ndi chija chimadyetsa mwana m'mimba, chimene chimatuluka mwana akabadwa.

Nthawi zina pamalakwika poyambirira penipeni. Dzira limapezeka lopanda timitolo ta mayi. Mbewu ya bambo ikalowa, timitolo take timadzichulukitsa mpaka kukwana 46, kapena mbewu ziwiri zimalowa nthawi imodzi. Zikatero mwana sapangika n'komwe. Nsengwa yokha ndiyo imakula, ndipo imatupa n'kusanduka timatumba tamadzi tambirimbiri, tooneka ngati mazira a achule. Madokotala amati imeneyi ndi mola completa.

Pali mtundu wachiwiri. Dzira limakhala labwinobwino, koma mbewu ziwiri zimalowamo, timitolo n'kukhala 69 m'malo mwa 46. Kamwana kamatha kuyamba kupangika, koma sikangakhale ndi moyo. Imeneyi ndi mola parcial. Mitundu yonse iwiri, pa pepala la ku chipatala amailemba kuti mola hidatiforme.

M'maiko ambiri, pa mimba 1,000 zilizonse, imodzi mpaka zitatu zimakhala za mola. Zimagwera kawirikawiri atsikana aang'ono kwambiri ndi amayi opitirira zaka 40. Mayi alibe mlandu, bambonso alibe mlandu. Ntchito ya kumunda, mdulo kapena diso la mnansi, zonsezi sizibweretsa mola. Ndi ngozi imene imachitika dzira ndi mbewu zikamakumana, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima.

Zizindikiro zake

Mayi amasiya kusamba, amachita mseru, ndipo akayezetsa amauzidwa kuti ali ndi pakati. Kenako, kawirikawiri m'miyezi itatu kapena inayi yoyambirira, magazi amayamba kutuluka. Ena amasanza kosalekeza. Ena mimba imakula msanga kuposa miyezi yake, anthu n'kumati ndi mapasa. Ena magazi amawathamanga, kumene ambiri timati tensão, mimba ikadali yaing'ono. Mwana samveka kusuntha. Nthawi zina timatumba tamadzi tija timatuluka pamodzi ndi magazi.

Mukaona zimenezi pitani ku centro de saúde tsiku lomwelo. Ngati timatumba tatulukira kunyumba, tikulungeni m'pulasitiki woyera ndipo mupite nato. Tikudziwa kuti mwambo wathu umati zotuluka mimba ikapita padera zikwiriridwe mwakachetechete ndi amayi achikulire. Koma pa mimba iyi adokotala akufunika kuziona, chifukwa ndizo zingawauze mtundu wa mola.

Ku chipatala amaunika m'mimba ndi makina a ecografia. Akapeza kuti ndi mola, amatsuka chiberekero ndi chipangizo choyamwa. Apa palibe mwana amene akuchotsedwa, poti mimba yotere singabale mwana wamoyo. Kuisiya kumangoika mayi pa ngozi yotaya magazi ambiri.

Kutsuka si mapeto

Inu alimi a mbatatesi a ku Dómuè ndi ku Tsangano mukudziwa izi. Ngakhale mukumbe mosamala bwanji, timbatatesi tina timatsalira m'nthaka. Munda umaoneka woyera, koma mvula ikagwa timamera. Mola ilinso chimodzimodzi. Adokotala akatsuka, tizidutswa tosaoneka ndi maso timatha kutsalira m'chiberekero. Kwa amayi ambiri timafa tokha. Kwa ena timapitiriza kukula, timalowerera m'khoma la chiberekero, ndipo timatha kuyenda ndi magazi mpaka ku mapapo, ku chiwindi kapena ku ubongo. Mtundu woopsa kwambiri wa matendawa ndi khansa yotchedwa coriocarcinoma.

Pa amayi 100 amene anali ndi mola completa, pafupifupi 15 mpaka 20 amadzafunika mankhwala a khansa. Pa amayi 100 amene anali ndi mola parcial, amene amafunika mankhwalawo sapitirira 5. Choncho ambiri amachira popanda china chilichonse. Vuto ndi lakuti pa tsiku lotuluka m'chipatala, amene adzachire okha ndi amene adzadwale amaoneka ofanana. Onse magazi asiya, onse ali ndi mphamvu, onse akufuna kubwerera kumunda.

Chowasiyanitsa ndi hCG. Ichi ndi chinthu chimene nsengwa imapanga n'kuthira m'magazi ndi m'mkodzo wa mayi. Kachipangizo koyezera mimba kaja, kamene kamaonetsa mizere iwiri, kamafufuza hCG yomweyi. Mola imapanga hCG yochuluka zedi. Ikachotsedwa yonse, hCG imatsika sabata ndi sabata mpaka kutha. Ngati tizidutswa tatsala ndipo tikukula, hCG imaima pamodzi kapena imakwera. Imachita zimenezi mayi asanamve kupweteka kulikonse.

Tiyeni tiwerenge limodzi

Kachipangizo ka mkodzo kamangoyankha kuti inde kapena ayi. Kuyeza magazi ku laboratório, kumene pa pepala amalemba kuti beta-hCG, kumapereka nambala. Tiyerekeze mapepala a amayi atatu, aliyense atayezetsa kanayi, sabata iliyonse kamodzi.

Woyamba: 9,000, 2,100, 480, 95.
Wachiwiri: 620, 600, 610, 605.
Wachitatu: 700, 300, 450, 800.

Mayi woyamba nambala zake zikutsika. Zinthu zili bwino, koma apitirize kuyezetsa mpaka nambala ifike pansi pa 5, pamene pamakhala munthu wopanda mimba. Mayi wachiwiri nambala zake zaima kwa masabata atatu. Mayi wachitatu zinatsika kenako zakwera kawiri motsatizana. Awiri omalizawa aonane ndi dokotala mwamsanga, ngakhale akumva bwino m'thupi.

Nambala ikafika pansi, ntchito imakhala isanathebe. Amene anali ndi mola completa amayezetsa kamodzi pamwezi, kawirikawiri kwa miyezi 6. Amene anali ndi mola parcial amamasulidwa msanga. Wonena kuti basi mwamaliza ndi dokotala, atawerenga nambalazo.

Kodi sangadziwiretu tsiku loyamba?

Ili ndi funso labwino, ndipo akatswiri m'maiko ambiri akulimbana nalo. Akufunafuna zizindikiro zobisika m'kati mwa mola yeniyeniyo, zimene pa Chipwitikizi amati biomarcadores, zoti zinene msanga kuti mayi uyu ali pa ngozi, uyu ayi. Zitapezeka, amayi ambiri sakanavutika ndi maulendo a miyezi yambiri, ndipo ochepa amene ali pa ngoziwo akanalandira mankhwala nthawi isanathe.

Zina zapezeka kale. Choyamba ndi chinthu chotchedwa p57. Nsengwa imapanga p57 pogwiritsa ntchito malangizo ochokera kwa mayi okha. Mu mola completa mulibe timitolo ta mayi, choncho p57 sapezeka m'timatumba tija. Akatswiri amadula kachidutswa ka zotuluka m'chiberekero, amakapaka mankhwala, n'kukaunika ndi makina okulitsa zinthu. Akapanda kuona p57, amadziwa kuti ndi mola completa, yoopsa ija. Ntchito yotere ndi ya nthambi yotchedwa anatomia patológica, imene imapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Hospital Central da Beira ndi Hospital Central de Maputo.

Chachiwiri ndi kuwerenga timitolo tenitenito kuti adziwe amene anatipereka. Kafukufuku akusonyeza kuti mola completa yochokera ku mbewu ziwiri imasanduka khansa kawirikawiri kuposa yochokera ku mbewu imodzi. Chachitatu, m'chaka cha 2006 akatswiri anapeza kuti malangizo ena a chibadwa, otchedwa NLRP7, akakhala olakwika mwa mayi, mola imabwerezabwereza, nthawi zina kwa amayi apachibale. Zimenezi n'zosowa kwambiri. Palinso tinthu ting'onoting'ono totchedwa microRNA, timene akatswiri akadali kutiphunzira.

Dokotala amayang'ananso zooneka poyera. Ngozi imakhala yaikulu ngati mayi wapitirira zaka 40, ngati hCG inali yoposa 100,000 asanatsuke, ngati chiberekero chinakula kuposa miyezi ya mimba, kapena ngati m'malo opangira mazira muli zotupa zamadzi zazikulu.

Zonsezi zimangonena gulu limene mayi alimo, la ngozi yaikulu kapena yaing'ono. Palibe chimodzi mwa izo chimene chingaloze mayi mmodzi n'kunena kuti pitani, simudzadwala. N'chifukwa chake ngakhale ku London, kumene kuli makina onse, mayi aliyense amene anali ndi mola amayezedwa hCG mpaka itatha. Ife a kuno kumapiri tisadzione otsalira pa nkhaniyi. Chizindikiro chodalirika kwambiri ndi chomwecho chimene chili m'magazi a mayi wa ku Lifidzi, ndipo chimene chikufunika n'kuchiyeza mobwerezabwereza.

Dokotala amene anakhulupirira nambala

Kale coriocarcinoma ikafalikira m'thupi inkapha pafupifupi mayi aliyense amene yamugwira. M'chaka cha 1956, ku National Cancer Institute, m'tauni ya Bethesda ku America, madokotala awiri, Min Chiu Li ndi Roy Hertz, anayesa mankhwala otchedwa metotrexato. Zotupa za m'mapapo zinazimiririka. Aka kanali koyamba kuti khansa ya chotupa, imene yafalikira kale, ichizidwe ndi mankhwala okha.

Dokotala Li anaona chinthu china. Zotupa zitasiya kuoneka pa zithunzi, hCG inali ikupezekabe pang'ono. Iye anati khansa ikadalipo, ndipo anapitiriza kupereka mankhwala mpaka hCG itatheratu. Akuluakulu ake anati akuzunza odwala amene achira kale, ndipo m'chaka cha 1957 anamuchotsa ntchito. Patapita nthawi zinadziwika kuti iye ndiye ankalondola. Odwala amene anasiyitsidwa mankhwala msanga matenda ankawabwerera, pamene amene anathandizidwa mpaka nambala itatha anachiriratu. M'chaka cha 1972 analandira mphoto yaikulu yotchedwa Lasker.

Lero khansa imeneyi ndi imodzi mwa zochizika kwambiri. Ikapezeka msanga, pafupifupi amayi onse amachira, ambiri ndi mankhwala a mtundu umodzi wokha. Ngakhale itafalikira, amayi oposa 9 pa 10 aliwonse amachira m'zipatala zimene zili ndi mankhwala ndi akatswiri ake. Ambiri amadzaberekanso ana abwinobwino. Chimene chimapha ndi kuchedwa.

Udindo wa banja

Amayi, musanatuluke m'chipatala funsani mafunso anayi. Kodi inali mola? Kodi zotuluka zija zatumizidwa kuti zikaunikidwe? Kodi magazi ndikayezetsa kuti? Kodi ndibwere tsiku liti? Safunsa anadya phula. Pemphani anamwino akulembereni mayankho pa pepala, ndipo mulisunge pamodzi ndi mapepala ofunika a m'nyumba. Ngati kuyezako sikuchitika pamalopo, funsani ngati angatumize magazi anu kwina, kapena akupatseni kalata yotumizira, imene amati guia de transferência.

Ambiri a ife timadutsa pa Calómuè kukalandira chithandizo ku Dedza. Ngati mwatero, tengani mapepala onse uku ndi uku. Yesetsani kuyezetsa ku laboratório imodzimodzi, chifukwa makina osiyana amatha kupereka nambala zosiyana pang'ono.

Abambo, gawo lanu ndi lalikulu. Mimba yatsopano nayonso imakweza hCG. Akazi anu akaima nthawi yoyezetsa isanathe, dokotala sangathe kusiyanitsa msanga ngati nambala yakwera chifukwa cha mwana kapena chifukwa cha khansa. Choncho pitani limodzi ku planeamento familiar. Mapiritsi, jakisoni, implante ndi makondomu n'zololedwa. Chipangizo choika m'chiberekero, chija amati DIU, chimadikira mpaka hCG itatha. Ngati mayi analandira mankhwala a khansa, adikire chaka chathunthu asanaimenso. Patulaninso ndalama za chapa pa zimene mwagulitsa mbatatesi, soya kapena fodya. Ulendo wa ku Ulónguè kapena ku Tete umadula, koma ndi wa miyezi yowerengeka.

Apongozi ndi ankhoswe, tikupemphani ulemu. Mawu akuti "mutipatse mwana wina msanga" asamveke pakhomo pa nthawi imeneyi. Mtsikanayo wataya chiyembekezo cha mwana, ali ndi chisoni. Kumuloza chala, kapena kuloza gogo wa pafupi kuti anaba mimba, kumangowononga nthawi ndi ubale. Dziwaninso kuti pa amayi 100 amene anali ndi mola kamodzi, ndi mmodzi kapena awiri okha amene imawabwerera. Pa mimba yotsatira mayi ayambe sikelo msanga, anene za mola ija, ndipo apemphe ecografia m'miyezi yoyambirira.

Pali chenjezo lina. Khansa imeneyi imathanso kubwera pambuyo pa mimba yopita padera kapena mwana atabadwa bwinobwino, ngakhale kuti n'zosowa. Mayi akamataya magazi mosalekeza mimba itatha, kapena akamatsokomola magazi, kupuma movutikira, kapena kumva mutu wosaleka, apite ku chipatala ndipo anene za mimba yomalizayo. Kutsokomola magazi kumafanana ndi chifuwa chachikulu, ndipo kachipangizo koyezera mimba kakhoza kuonetsa dokotala njira yoyenera.

Udindo wa boma

Malamulo aakulu a dziko lathu, Constituição da República, pa ndime 89 amanena kuti nzika iliyonse ili ndi ufulu wolandira chithandizo cha zaumoyo. Kwa mayi wa mola, ufulu umenewu sukwanira ndi kutsuka kokha. Umakwanira ngati wayezedwa mpaka kumapeto. Kuchokera ku Ulónguè kufika ku Hospital Provincial de Tete ndi makilomita oposa 200. Mayi wa kumudzi sangayende ulendo wotere sabata iliyonse, makamaka nthawi ya dzinja, misewu itaterera ndipo ntchito ya kumunda itachuluka.

Ku Britain anathetsa vuto ngati limeneli m'chaka cha 1973. Mayi aliyense wa mola amalembedwa m'kaundula, ndipo zipatala zitatu, ku London, ku Sheffield ndi ku Dundee, ndizo zimamutsatira. Mayiyo sayenda ulendo wautali. Magazi ndi mkodzo wake ndizo zimatumizidwa pa positi. Ifenso njira yofanana nayo tili nayo kale. Magazi a anthu amene akumwa mankhwala a HIV amachoka m'zipatala zing'onozing'ono kupita ku malaboratório aakulu, zotsatira n'kubwerera. Wodwala chifuwa chachikulu akasiya kubwera, amamutsatira kumudzi, ntchito imene amati busca activa.

Choncho tikupempha zinthu zinayi kwa a Serviço Distrital de Saúde, Mulher e Acção Social, kwa akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Tete, ndi ku unduna wa zaumoyo, MISAU. Pakhale buku lolembamo mayi aliyense wa mola, ndi mudzi wake. Magazi oyeza hCG ayende njira yomwe amayenda magazi a HIV. Zotuluka m'chiberekero zitumizidwe kukaunikidwa, ndipo zotsatira zake zifike kwa mwini wake. Mayi akaphonya tsiku lake, APE wa m'dera lake auzidwe kuti akamuone. Popeza mimba za mola n'zochepa, buku limeneli silingakhale lalikulu, ndipo ntchitoyi siingalemere boma.

Inu amene muli m'makomiti a zaumoyo m'midzi, ndi m'ma comité de co-gestão a zipatala, kafunseni zimenezi pa msonkhano wotsatira. Mafumu ndi anyakwawa, kumbukiraninso lamulo nambala 19 la chaka cha 2019, loletsa kukwatitsa ana osakwana zaka 18. Mola ndi imodzi mwa ngozi zimene zimagwera kawirikawiri atsikana oima ali aang'ono kwambiri.

Ntchito ya sabata ino

Lembani m'kope lanu mawu awa: mola hidatiforme, beta-hCG, ecografia. Werenganinso nambala za amayi atatu aja mokweza, ndipo mufotokozere mnzanu chifukwa chake wachiwiri ndi wachitatu ayenera kubwerera kwa dokotala. Ngati m'mudzi mwanu muli mayi amene anatsukidwa chiberekero chifukwa cha mola m'miyezi yapitayi, mucheze naye mwachinsinsi ndi mwaulemu. Mufunseni ngati ali ndi pepala lake, ndipo ngati sadziwa kuwerenga, mumuwerengere tsiku lobwerera ku chipatala.